Tsitsi la Raili

Tsitsi la Raili linatsalira m'manja mwanga, lonyowa, lochuluka ngati chisa cha mbalame.

Linali Loweruka, tsiku la sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi ya madzi othiridwa pamiyala yamoto, ndipo ndinkamutsuka kumutu mng'ono wangayo monga ndachitira kuyambira ali mwana. Anali atandifulatira. Sanaone kanthu.

"Thiraninso madzi pamiyalapo, achemwali," anatero. "Kapena mwayamba kuumira nkhuni?"

Ndinathira. Nthunzi inandiwotcha makutu, thukuta lili kamukamu. Iye khungu linali louma, ndipo ankanjenjemera.

Malemu amayi ankakhala pathabwa lomwe anakhalapo Raililo, nawonso akudandaula kuzizira. Kenako anayamba kumanga duku m'nyumba ndi kugona masana. Anthu ankati ndi ulesi. Pamene dokotala ankatchula chithokomiro chofooka, mtima wawo unali utatopa kale.

"Mwangoti zii bwanji? Mwapeza nsabwe?"

Raili anacheuka akuseka. Nsidze zake zinali zitatha m'mphepete, zikope zitatupa. Amene ankandiyang'ana mu nthunzimo anali amayi.

"Lolemba tipite ukayezetse magazi," ndinatero.

"Aa, inunso! Ndi kutopa chabe. Chisanu cha chaka chino chatalika."

Amayi ankateronso.

Ndinatsika pathabwapo, ndi kutsegula kachitseko ka mbaula. Bambo ankaponya mmenemo tsitsi lothothoka la amayi Loweruka lililonse, mwakachetechete, kuti mkazi wawo asadandaule. Fungo lake ndimalikumbukira mpaka lero.

Ndinatseka kachitsekoko osaponyamo kanthu. Ndinakweranso, ndi kutenga dzanja la Raili, lozizira ngati la munthu wochokera panja pa chipale chofewa, ndipo ndinamufumbatitsa tsitsi lake.

Kuseka kunathera pomwepo.