Mafunde Ozondoka

Chikhazikitsireni lamulo loti munthu asapalase njinga makina asanamuyeze mtima, Nangozo ankasunga mapepala a zotsatira a banja lonse mumtsuko wouma. M'mawa wina mwana wake Lonjezo, wakabaza, anabwera ndi lake kuchokera kuchipatala.

Nangozo analiyandikizitsa ndi la malemu amuna ake, amene anangogwa akuthamangira basi. Pamizere itatu yoyambirira ya pachifuwa, mafunde osonyeza kugunda kwa mtima, oyenera kuloza kumwamba, anali ozondoka pamapepala onse awiri.

"Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti ndi mbali yakumanja ya mtima, amayi. Zakumtundu. Komatu sindikumva kupweteka."

"Bambo akonso sankamva."

Lonjezo anagwira njinga. Nangozo anakatambalala kutsogolo kwa tayala.

"Ngati ukupita, undiponde kaye."

Lonjezo anayang'ana kumsewu, kenako anatsamiritsa njingayo kukhoma.