Mawu a Osmán m'Kabokosi

Nahúm, mnyamata wokonza makompyuta, anali atafika kale pa mzere woyandikana ndi wa Dilcia. Ankagwada pansi pa tebulo lililonse, kuzula mawaya, kuponya kabokosi kakale ka kompyuta m'katoni, n'kulumikiza katsopano. Dilcia ankamuyang'ana chamseri kwinaku akuyankha pafoni kasitomala, mayi wina wa ku Choloma, amene ankakalipa kuti intaneti yake yafa.

"Pepani mayi, tikonza lero lomwe," anatero. Mawu ake ankanjenjemera.

Kabokosi kake kanali pafupi ndi phazi lake. Kanali kakuda, kopepuka ngati mkate. M'menemo ndi momwe munali Osmán.

Osmán anali mchimwene wake. Chaka chatha ananyamuka ulendo wa kumpoto, wokasaka ntchito kunja kwa dziko, atavala nsapato zobwereka. Atafika kumalire anaimba foni ya Dilcia, koma inali yokiyiridwa m'kabati ya pakhomo monga mwa lamulo la kampani. Ndiye anaimba nambala ya makasitomala, n'kuvutitsa anthu mpaka anamupatsa mlongo wake. "Iwe kamphuno, usamalize nyemba zanga. Mawa tikuwoloka. Uwauze amayi asiye kulira." Kenako anaseka. Chiyambire tsikulo palibe anamvanso za iye.

Kampani inkajambula mafoni onse. Dilcia anakopera mawuwo n'kuwabisa m'kompyuta yake, n'kuwapatsa dzina loti "Madandaulo akale". M'mawa uliwonse ankawamvera asanayankhe kasitomala woyamba. Kuwatulutsa ndiye kunali kosatheka. Pobayira fulashi anatsekapo anthu a m'chipinda chozizira cha pamwamba, momwe munali makina aakulu, ndipo uthenga wopita kunja sunkadutsa. Anthu apamwambawo ankagwira chilichonse ali chikhalire pampando. Tsiku limene mnzake wina, Yeison, anachotsedwa ntchito, dzina lake ndi zake zonse zinafufutidwa iye asanafike n'komwe pageti.

Kuulula sakanatha. Kulandira foni ya kunyumba pa nambala ya makasitomala unali mlandu. Ndipo kunena zoona, Dilcia anali munthu woti ngakhale kupempha mchere patebulo ankayamba wayeserera mumtima. Komabe lero anavula zomvera m'makutu n'kuyesa.

"A Nahúm, timabokosi takaleti tikupita kuti?"

"Kokaphwanyidwa, chemwali. Bwanji, mwakakonda kanuko? Tikagulire maluwa?"

"Nanga zinthu za munthu..."

"Zinthu zanji? Mwabisamo chibwenzi?"

Atsikana a mzere wonse anaseka.

"Ayi, palibe," anatero Dilcia.

"Ndiye pitani mukadye. Mukamabwera mupeza zonse zili bwino."

Katoni inali itadzaza, ndipo Nahúm anapita kukatenga ina. Belu la nkhomaliro linalira. Anthu anadzuka akudziwongola, akukangana za mpira. Dilcia anagwetsa dala cholembera chake n'kuwerama. Waya woyamba unazuka mosavuta. Wachiwiri unakakamira mpaka unamuthyola chikhadabo. Sikirini inathima. Anakulunga kabokosiko m'kansalu momwe munali baleada, chapati chopinda cha nyemba, chimene amayi ake anamupakira, n'kulowetsa zonse m'chikwama.

Njira yopita kukhomo sinatalikepo chonchi. Chikwama chinkamumenya m'nthiti. Anaganiza za lendi, za mankhwala a amayi, kenako za kuseka kwa Osmán, ndipo anapitiriza kuyenda.

Pakhomo panali don Tulio, mlonda wachikulire amene masiku onse ankangosuzumira m'chikwama n'kumuuza kuti adutse.

"Mwana wanga, lero wapika ndani, iwe kapena amayi?"

"Amayi."

"Ndiye n'zodyeka," anatero akumwetulira. "Tsegula bwinobwino. Lero akuti tiziona mpaka pansi, chifukwa cha timabokosi tawoti."

Dilcia anatsegula. Don Tulio anakhudza kansalu kaja ndi chala. Kanali kolimba. Anakakweza pang'ono, ndipo ngodya yakuda inasuzumira pambali pa baleada. Mkuluyo anayang'ana kamera imene inali pamwamba pa chitseko, n'kuyang'ananso mtsikanayo.

"Wandiika pamoto, mwana wanga," ananong'ona. "Atiwona kale."

Anatenga wailesi yake yolankhulirana n'kuitana abwana.

Doña Reina, woyang'anira gawo lawo, anabwera nsapato zikugogoda. Sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndipo Dilcia anavula khadi lake la ntchito m'khosi n'kumupatsa. Mayiyo anaimba foni pamwamba.

"Oseguera, Dilcia. Wachotsedwa. Inde, pompano." Anadula foni n'kupukusa mutu. "Iweyo, Dilcia? Pa anthu onsewa, iweyo? Wosayankhula n'komwe?"

Anthu obwera kokadya anali ataima patali akuonerera. Dilcia anadabwa kumva mawu ake akutuluka osanjenjemera.

"Ntchitoyo tengani, abwana. Koma kabokosi kokhaka mundisiyire. Muli mawu a mchimwene wanga. Ndi okhawo amene tatsala nawo."

Anakakumbatira pachifuwa. Ntchito inali itapita, inde, koma Osmán anali m'manja mwake, ndipo anatsimikiza mumtima kuti amuthyole zala kaye asanamulande.

Nahúm anatulukira ndi katoni yopanda kanthu. Anali atamva zonse, ndipo nthabwala zinali zitamuthera.

"Chemwali," anatero motsitsa mawu, "timabokositi sitisunga kanthu. Ndi zenera chabe. Zanu zonse zimakhala pamwamba, pa dzina lanu. Mukanazipeza m'katsopano pobwera kokadya."

Anataya katoni n'kuthamangira kumasitepe opita pamwamba kuti akawaletse. Asanafike pakati, foni ya doña Reina inalira, ndipo poti panali zii, aliyense anamva mawu ochokera m'chipinda chozizira.

"Abwana, tafufuta."