Chikole cha Nkhanga

Padangokhala, kalekale Nkhanga akadali ndi nthenga m'mutu, mbalame zinali ndi kampani yolima mapira, ndipo mkulu wake anali iyeyo. Chaka china mbewu itasowa, anakakongola matumba atatu kwa Gologolo.

"Kampani ilibe nkhope," anatero Gologolo. "Ikadzalephera kubweza, ndidzagwira ndani?"

"Mudzazule nthenga za m'mutu mwangamu," anayankha Nkhanga modzitama, nadinda phazi papepala.

Mvula inadula msanga, mapira napserera. Nkhanga anatula pansi udindo mwakachetechete, Nkhwali nalowa m'malo mwake.

Gologolo atabwera kudzalonjerera, Nkhwali anamulandira bwino. "Achimwene, ngongoleyi ndi ya kampani, ndipo sitikuikana ayi. Nali thumba limodzi, m'nkhokwe mwathera pomwepa. Zanga za kunyumba sizikukhudzidwa, poti ine sindinalonjeze kanthu."

Gologolo anapita kwa Nkhanga, nam'peza akugubuduka m'fumbi mosatekeseka.

"Zimenezo ine ndinazisiya," anatero Nkhanga. "Kafunseni amene ali pampando."

"Mpando munausiyadi, bambo," anatero Gologolo pofunyulula pepala lija. "Koma mutu munachoka nawo."

Yanga yathera pompo, koma dazi la Nkhanga lilipobe mpaka lero.