Ampulifaya Yaikulu

"Kwezani, achikulire," anatero wogulitsa m'sitolo ya zoimbira, akusisita ampulifaya yaikulu yokuzira mawu a gitala. "Gitala ya lidi imafuna phokoso. Musaope, muno mulibe amene akugona."

Ndinakweza. Nditangokhudza nsambo, magalasi a sitoloyo ananjenjemera. Kulira kwake kunali komwe ndinkakulakalaka kwa zaka makumi atatu.

Kenako dzanja langa linatsitsa lokha mawuwo mpaka pa nambala 2, ndipo ndinatchera khutu kukhoma. Kunyumba ndikapyola pamenepo, malemu mkazi wanga ankagogoda khoma katatu ndi supuni.

Panalibe amene anagogoda.

"Mwaikonda?" anafunsa akuseka. "Kapena mayi akakupitikitsani nayo kunyumba?"

"Sadandaulanso," ndinayankha, ndikuzula chingwe cha gitala. "Ndipatseni yaing'ono ija."