Msasa wa Mapaipi Pansi pa Bulugamu

Panali munthu wina ku Melbourne, dzina lake Nachum, mphunzitsi wa masamu. Bambo ake, a Leibel, anali kunyumba yosamalira odwala, ndipo madokotala anali atasiya kale kunena za kuchira.

Chikondwerero cha Misasa chitayandikira, Nachum anapita kukawaona. Chaka chilichonse banja lawo linkamanga msasa kuseri kwa nyumba n'kumadyeramo masiku asanu ndi awiri, monga amachitira Ayuda osunga mwambo. Kwa zaka makumi anayi womanga anali a Leibel, ndipo matabwa awo tsopano anali atafumbwa.

"Ndapempha masiku awiri obwera kunyumba ndipo andilola," anatero a Leibel. "Ndikufuna ndikanene dalitso mumsasa womanga iwe. Chibadwire sindinakuonepo utagwira hamala, ndiye ndikaoneko chozizwitsacho."

"Hamala safunika, Bambo. Masiku ano tikumanga ndi mapaipi apulasitiki."

"Mapaipi? Ndiye ndikadyere m'bafa?"

Lachisanu m'mawa Nachum anagula mapaipi ndi zolumikizira zake. Anayeza, anadula, analumikiza, ndipo pofika masana msasa unali utaima. Koma unali wopepuka zedi. Mphepo inaukankhira kumpanda kawiri. Kachitatu anaukokera pakona pomwe panali mtengo wa bulugamu, n'kuumangirira kuthunthu ndi zingwe. Anakuta m'mbali ndi nsalu, pamwamba anayala timatabwa ndi masamba a kanjedza.

Mkazi wake Dvora anatuluka kudzaona.

"A injiniya, tayang'anani kumwamba."

"Ndaona."

"Msasa wa pansi pa mtengo si msasa. Ndi ana akumkaka omwe amadziwa zimenezi. Denga liziyang'ana thambo, pakati pasakhale kanthu. Ukokereni pakati pa bwalo, mugule matumba a mchenga muupsinje."

"Ndi nthambi ziwiri zokha. Ndizidula Lamlungu."

"Lamlungu lanulo ndimalidziwa. Mpopi wakukhitchini ukulidikirabe."

Loweruka linali Sabata. Lamlungu anabwereka makwerero koma anali aafupi. Lolemba, tsiku lolowa chikondwerero, linathera kumsika, kogula mankhwala ndi kutsitsira bedi m'chipinda chapansi. Podutsa pabwalo anayang'ana nthambi zija, mumtima n'kuti maso a bambo ake anafooka, sadzaona.

Galimoto inabwera nawo a Leibel dzuwa likupendeka. Atangowakhazika, Dvora anayatsa makandulo ndipo tsiku lopatulika linalowa. Kuyambira pamenepo, kwa masiku awiri, panalibenso kudula, kumanga kapena kuphwasula kanthu.

Nachum anawayendetsa pachikuku mpaka mumsasa. A Leibel anagogoda paipi ndi chikhadabo.

"Waima ndithu. Sukudontha?"

Onse anaseka. Kenako nkhalambayo inakweza mutu, monga inkachitira chaka chilichonse, kufuna thambo m'mipata ya kanjedza. Inayang'ana nthawi yaitali.

"Nachum, uwo ndi mtengo?"

"Nthambi ziwiri zokha, Bambo."

"Ine ndawerenga zisanu."

Nachum anadzuka. "Ndiumasula pompano. Ndi wopepuka, mphindi khumi zokha."

"Lero? Khala pansi, mwana wanga. Sindinabwere kuti udzaswe tsiku lopatulika chifukwa cha ine."

Dvora anatchula msasa wakusunagoge. Unali mtunda wa theka la ola, ndipo a Leibel anali atayamba kale kubanika ndi kaulendo kochoka kuchipinda kufika pabwalo. Nkhalambayo inapukusa mutu.

A Leibel anatenga chikho, anadalitsa vinyo, anadalitsa tsikulo. Atafika pa dalitso la kukhala mumsasa, anaima. Sanalinene, anangomwa. Anapempha msuzi, anayamikira nsomba ya Dvora, anafunsa za ana asukulu a Nachum. Za mtengo sanazitchulenso, tsiku limenelo ngakhale lotsatira. Nachum ankayembekezera kukalipiridwa, koma sanakalipiridwe.

Lachinayi m'mawa galimoto inabwera kudzawatenga. Itangochoka, Nachum anamasula zingwe, anakokera msasa pakati pa bwalo, anaupsinja ndi matumba anayi a mchenga. Zinamutengeradi mphindi khumi.

Anaimba foni kunyumba yosamalira odwala kupempha kuti bambo ake abwerenso tsiku limodzi lokha. Namwino anati ulendo uja unawatopetsa, sakudzukanso pabedi. Nachum anapita komweko.

"Ndausuntha, Bambo."

"Thambo likuoneka?"

"Likuoneka."

"Wachita bwino. Ndiye kadyere momwemo. Dalitsolo ukalinene mokweza."

A Leibel anamwalira patatha sabata imodzi chikondwerero chitatha.

Phunziro: Wina akakuuza kuti chinthu wachikhazika molakwika, chikonze tsiku lomwelo, manja akadali ololedwa kugwira ntchito. Usadalire kuti amene ukumupangirayo sadzaona, chifukwa makolo amaona, kungoti sakalipa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi kholo lomwe likumudikirira kanthu.