Makalata a m'faelo ya azakhali

"Musanyambite chala potsegula mapepalawo," anatero bambo wosunga mafaelo akale, akuika katoni patebulo pamaso pa mayi wina, mphunzitsi.

Mphunzitsiyo anangogwedeza mutu. Ankalemba mbiri ya odwala a pachipatala cha amisala chomwe chinatsekedwa kalekale, koma faelo ya lero inali ya azakhali ake enieni, omwe anamwalirira komweko. Bambo ake anamwalira akudandaula kuti mlongo wawoyo sanawayankhepo kalata ngakhale imodzi.

Pamwamba panali chithunzi cha mtsikana wometedwa mpala, atagwira nambala pachifuwa. Pansi pake panali makalata olembedwa ndi pensulo. Anawerenga yoyamba: "Achimwene, ndachira. Bwerani mudzanditenge. Mundibweretsere nsapato."

"Makalatawa akutani muno?" anafunsa.

"Sankawatumiza, mayi. Dokotala ankawawerenga kuti aone mmene mutu ukuyendera, kenako n'kuwasunga."

Kumapeto kwa faelo anapeza maenvelopu asanu ndi awiri osatsegula, omangidwa ndi ulusi. Zilembo zopendekerazo anazizindikira pomwepo. Ndi dzanja lomwe linkasaina malipoti ake a kusukulu.

"Nanga awa?"

"Ochokera kwa abale. Ankati amasokoneza wodwala."

Anadikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere. Ankangomva fani ikulira kudenga.

"Ndi a bambo anga. Ndingatsegule?"

Bambo uja anatembenuza envelopu imodzi, n'kuwerenga dzina la azakhali, n'kuibwezera pa anzake aja.

"Pepani, mayi, lamulo silitilola. Kalata amatsegula ndi mwini wake."