Makutu a bambo a Pilira

Pofika naini koloko, Filomena anali atatunga madzi, atathirira kabichi kudimba, atachapa matewera, atagulitsa nkhuku ziwiri pamsewu, ndipo tsopano anali m'chipinda cha dokotala pa Boma, mwana kumbuyo, mwamuna pambali. Mwamunayo, a Misheck, anangoti zyoli ngati nkhuku yonyowa.

"Adokotala, bambo a Pilirawa makutu anatseka," anayamba Filomena asanafunsidwe. "Koma kutseka kwake n'kosankha. Ndikati nyama yapsa, amamva ali kudimba. Wailesi ikatchula za mpira, amamva."

"Nanga chimene sakumva n'chiyani, mayi?"

"A Kettie, oyandikana nafe nyumba!"

Inali itakwana miyezi itatu a Kettie akumulalatira Filomena kuseri kwa mpanda. Akatsuka mbale, ati sizinayere. Akamadyetsa Pilira phala, ati ukumupha mwanayo. Akati apumeko, ati mkazi wolekezera Sitandade 6 sangasunge banja. Filomena chakudya chinasiya kulowa, zitenje zinayamba kuzungulira kawiri m'chiuno. Koma a Misheck ziii. Mwamuna wanji woti mkazi wake akutukwanidwa pakhomo pake, iye ali phee kusoka matumba a mbatata?

Achibale anayesa zawo. Amalume anakoka mbuzi mpaka kwa sing'anga wa ku Mozambiki, n'kubwerako ndi mizu yoti banja lonse lizimwa. Banja lonse linatsegula m'mimba. Amayi a Mphakati anabwera kudzapemphera Lachinayi lililonse, mpaka shuga anatha m'nyumba. Makutu osatseguka.

Filomena si munthu wa zambiri. Anawauza a Misheck mosapsatira kuti akatsukitse makutuwo kuchipatala, apo ayi apinde bulangete lawo abwerere kwawo ku Kabwazi. Mkamwini wogontha alibe ntchito pamudzi. Bamboyo, amene jekeseni amamuthawa ngati njoka, anavomera nthawi yomweyo, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: kuti mayi a Pilira awaperekeze, akafotokoze okha bwinobwino.

Ndiye anafotokozadi, osasiyako kanthu. Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto. Anaunika ndi katochi khutu ili ndi linalo, mosafulumira, n'kupempha buku la kuchipatala. A Misheck analitulutsa m'thumba la jekete, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Muwalembere mankhwala amphamvu, adokotala," anatero Filomena, akugwedeza mwana.

Dokotala anatembenuza mpando wake, n'kuyang'ana mayiyo. Dzina la pabukupo linali Filomena.

"A Kettie anasamukira ku Linthipe chaka chatha, adokotala," a Misheck anayankhula motsitsa mawu. "M'nyumba mwawo mukugona mbuzi. Mawuwo amawamva okha mayi a Pilirawa."

Zinawatengera a Misheck masabata asanu akuvomera ugonthi, ndi dzina loti a Gonthi limene mudzi sudzalisiya, kuti mkazi wawo afike pampando umenewo ndi miyendo yake.